Kodi setilaiti imakhala bwanji kumwamba osagwa?

Phunziro lathu lero ndi la setilaiti. Dzinali timalimva pa wailesi a zanyengo akamanena za mvula. Ena tili ndi dishi padenga yoonera mpira. Koma kodi setilaiti n'chiyani? Nanga imakhala bwanji kumwamba popanda choigwira?

Setilaiti ndi makina opangidwa ndi anthu. Ina imalemera matani angapo, ina ndi yaing'ono yoti mwana atha kuinyamula. Imakhala ndi makamera komanso zida zolandirira ndi kutumizira mauthenga. Magetsi ake imapanga ndi masola, amtundu womwewu timatchajira mafoni kumudzi. Imapita kumwamba itanyamulidwa ndi roketi.

Tsono nkhani yagona pa liwiro. Tolani mwala muuponye. Ugwa chapafupi. Ponyani wina mwamphamvu, ugwa chapatali. Umagwa chifukwa dziko limakoka chinthu chilichonse. Koma kumbukirani kuti dziko ndi lobulungira. Mwala uja utathamanga koopsa, bwenzi pamene ukutsika nthaka nayo ikupindika pansi pake, ndipo sukanaipeza nthakayo. Ukanangozungulira dziko. Ndi mmene setilaiti imachitira. Imakhala ikugwa nthawi zonse, koma liwiro lake limaidutsitsa m'mbali mwa dziko. Roketi ikaikweza imaikankhira chammbali mpaka ifike pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Pa liwiro limeneli imazungulira dziko lonse pa mphindi 90 zokha. Kumeneko mpweya ndi wochepa zedi, palibe choibweza, choncho sifunika kuti injini izilira usana ndi usiku.

Palinso masetilaiti ena amene amaikidwa patali kwambiri, makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi. Amenewa amazungulira kamodzi pa maola 24, mofanana ndi mmene dziko limatembenukira. Kwa ife tili pansi amaoneka ngati angoima malo amodzi. N'chifukwa chake wokhoma dishi amailozetsa kamodzi kokha, n'kumanga mabawuti, basi. Mphepo ikaipotoza pang'ono, zithunzi zimathawa.

Mwina mukuti, "Nanga ine mlimi wa fodya wa ku Kasungu zimenezi zikundikhudza pati?" Zikukukhudzani pa nazale pomwepo. Mbande zikakula, funso la aliyense limakhala limodzi: tiwokere liti? Mukawokera ndi mvula yachizimalupsa, dzuwa limabwereranso n'kuwotcha mbande zonse. Mukachedwa, tsamba silikula bwino, ndipo ku okishoni ya ku Chinkhoma belo lanu lidzagulidwa motchipa.

Pamwamba pa Africa pali masetilaiti a mayiko a ku Ulaya otchedwa Meteosat. Amajambula mitambo kangapo pa ola lililonse. Ngakhale usiku amaona, chifukwa amayeza kutentha. Mtambo wa mvula yamphamvu umakwera kwambiri, ndipo nsonga yake imazizira zedi. Setilaiti ikaona malo ozizira chotero imatumiza chithunzi pansi. Akatswiri a nthambi yoona zanyengo amaphatikiza zithunzizi ndi zimene ayeza pansi, monga mvula, mphepo ndi kutentha, kenako amalengeza pa wailesi. Namondwe wa Freddy, amene anasakaza chigawo cha kummwera mu March 2023, anamuona motero ali pakati pa nyanja yamchere, kudakali masiku ambiri kuti afike kuno. Zolosera sizilondola tsiku lililonse, zimenezo n'zoona. Komabe mlimi womvera a zanyengo amadziwiratu zambiri kuposa wongoyang'ana kumwamba ndi maso.

Mayiko amene akukwera pa chuma anaizindikira kale nkhaniyi. Chitsanzo chabwino ndi India. Dzikoli linakhazikitsa bungwe lake loona zamlengalenga, ISRO, mu 1969, anthu ake ambiri ali pa umphawi wadzaoneni. Mu 1975 linabwereka setilaiti ya ku America n'kuyamba kuonetsa maphunziro pa kanema m'midzi pafupifupi 2,400. Madzulo anthu ankasonkhana pa kanema mmodzi wa m'mudzi, kuphunzira za ulimi ndi zaumoyo. Anali akuluakulu ngati ife tili m'kalasi muno. Kuchokera pamenepo India sanabwerere m'mbuyo. Mu 2014 chombo chake chinafika pa dziko la Mars n'kuyamba kulizungulira. Pa 23 August 2023 chombo china, Chandrayaan-3, chinatera pa mwezi, ndipo India anakhala dziko lachinayi kuchita zimenezi. Anthu amatama za mwezizo. Ine chimene chimandigwira mtima ndi poyambira pake: anayamba ndi mlimi wa kumudzi.

Kuno ku Africa, dziko la South Africa linatumiza setilaiti yake yoyamba mu 1999. Anzathu a ku Zimbabwe anatumiza yawo, ZimSat-1, mu November 2022. Ife a Malawi timadalirabe masetilaiti a eni. Koma tisadziderere. Mu June 2017 boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyesera ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa pa bwalo la ndege la Kasungu konkuno. Ndegezi sizifika kumene kuli setilaiti, zimauluka pansi pa mitambo. Koma luso lojambula minda, madambo ndi midzi kuchokera pamwamba, n'kuwerenga zithunzizo, ndi lomwelo. Mu January 2020 sukulu yophunzitsa achinyamata luso limeneli inatsegulidwa ku Lilongwe. Mwana amene lero akuthirira nazale atha kudzakhala katswiri wowerenga zithunzi za setilaiti, bola tisamuchotse pa sukulu nthawi yothyola ndi kusoka fodya.

Nayi ntchito yanu ya sabata ino. Kukangoda, kumwamba kukakhala kopanda mitambo, tulukani panja ndi ana anu. Mukaona kanyenyezi kakuyenda mwaphee osaphethira, kameneko nthawi zambiri kamakhala kasetilaiti kowala ndi dzuwa. Mawa lake mverani zanyengo pa wailesi. Lembani m'kope mwanu tsiku ndi zimene anena, kenako lembani zimene zachitikadi m'mudzi mwanu. Bwerani nalo kopelo m'kalasi kuti tidzawerengere limodzi.