Khansa ya m'matumbo yachotsedwa: tsiku la rivyu musalitaye

Za kusiya fodya ndi kuchepetsa mowa munazimva kale ku wodi. Poloni ndi masoseji zisiyeni. Bungwe la WHO linanena mu 2015 kuti nyama zokonzedwa motere zimayambitsa khansa ya m'matumbo. Michopo ikhale ya apo ndi apo. Nsima ya roller meal, nyemba, chibwabwa ndi kalembula wa ku Chisokone kapena ku Masala ndi zokwanira. Ngati muli ndi thumba la chimbudzi pamimba, yambani nyemba pang'onopang'ono, zimadzaza mpweya. Yendani mofulumira mphindi 30, masiku asanu pa sabata.

Zonsezi ambiri amazitha. Pamene amagwera ndi pa rivyu.

Munthu amapita ulendo woyamba, wachiwiri, kenako thupi labwerera, wayambanso ntchito ku mgodi, khadi la kuchipatala lalowa pansi pa matiresi. Mukamufunsa amati, "Ndili bwinobwino, ndikafunenso chiyani kumeneko?" Wina amakhala ndi mantha okhaokha: "Akakandipeza nayonso?" Onse awiri akulakwitsa chimodzimodzi. Khansa imeneyi ikabwerera, kawirikawiri imabwera m'zaka zitatu zoyamba, ndipo imakonda chiwindi ndi mapapo. Poyamba siipweteka. Ikapezeka ili yaing'ono, madokotala nthawi zina amatha kuidulanso. Mukadikira kuti mumve ululu, mwachedwa.

Choncho musanatuluke m'chipinda cha dokotala, kaya ku Kitwe Teaching Hospital, ku Ndola Teaching Hospital kapena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, funsani masiku atatu ndipo alembedwe pakhadi: loyeza magazi a CEA, lomwe limabwera miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse pa zaka zoyambazo; la sikani ya CT; ndi loona m'matumbo ndi kamera, lomwe nthawi zambiri limakhala patatha chaka chichitikireni opaleshoni. Jambulani zotsatira zonse pafoni, chifukwa mafailo amasowa. Mukapeza makina awonongeka, musachoke opanda tsiku lina. Ndikubwereza: kumva bwino si chifukwa chojombera. Kulondolozaku ndi kwa zaka zisanu.

Ndalama ndi vuto ndithu. Lusaka ili pamtunda woposa makilomita 300 kuchokera ku Kitwe kapena ku Ndola. Basi kupita ndi kubwera, chakudya ndi pogona, werengerani K1,500 kapena kuposerapo. Yambani kusunga miyezi iwiri lisanafike tsiku, ndipo onetsetsani kuti za inshuwalansi ya NHIMA zili m'malo. Chodabwitsa n'chakuti amene amati alibe ya basi ndi omwewo amawononga ndalama yomweyo pa mabotolo a "detox" a pa Facebook. Palibe tiyi wotsuka khansa. Pempherani, koma amene akuuzani kuti kukayezetsa n'kusowa chikhulupiriro sadzagona nanu ku wodi.

Mantha amakula sabata yokayezetsa ikayandikira, ndipo zimenezo zimachitikira pafupifupi aliyense. Uzani m'bale mmodzi kuti akuperekezeni. Manthawo akafika pokusowetsani tulo kwa masabata, muuzeni dokotala. Koma mukaona magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kosatha, kuonda, chifuwa chosapola kapena maso achikasu, musadikire tsiku lolembedwa, pitani sabata yomweyo.

Tulutsani khadi lanu lero. Ngati tsiku linadutsa kale, mawa m'mawa pitani mukatenge lina.