Phula la kandulo likadonthera pa juzi ya ubweya

Magetsi akathima timathamangira kandulo, ndipo mu June ndi July, aliyense atavala juzi kapena kufunda bulangete, phula silichedwa kudonthera pa ubweya wa nkhosa. Nsalu imeneyi sifuna phuma. Zovala zambiri zimaonongeka pa nthawi yochotsa phulalo.

1. Musapukute. Phula likadali lamadzimadzi, kulipukuta n'kulikankhira mkati mwa ulusi. Lisiyeni ligwirane.

2. Ikani madzi oundana mu jumbo, musanjike pamalopo kwa mphindi 10 kuti phula liume gwa. Ngati mulibe firiji, dikirani kuzizira kwa m'mamawa.

3. Pindani nsaluyo pang'ono kuti phula lithetheke, kenako palani ndi supuni. Lezala ayi: limadula ulusi, ndipo juzi ikaduka ulusi umodzi imayamba kusomboka.

4. Lotsalira mkati limachoka ndi simbi, koma yambani mwawerenga kansalu kolembedwa ka pakhosi. Majuzi ambiri a pa kaunjika amaoneka ngati ubweya pomwe ndi acrylic, yomwe imasungunuka simbi ikatentha. Yalani pepala la khaki lopanda zolemba pansi pa malowo, lina pamwamba. Nyuzipepala musagwiritse ntchito, inki yake imatsalira pa chovala. Phula la kandulo limasungunuka pa madigiri pafupifupi 60, choncho simbi yofunda chabe ndi yokwanira. Ya magetsi ikhale pa kadontho kamodzi, yopanda nthunzi. Ya makala, phungulani makalawo, muisiye izizireko, muyese kaye pa kansanza. Dindani, werengani mpaka 5, nyamulani, osakwekweza. Mudzaona pepala likuda ngati lokulungira zitumbuwa. Sunthirani poyera, bwerezani mpaka pepala lileke kuda. Aulesi amabwereza pa malo omwewo a pepala, phula n'kubwerera m'chovala.

5. Kandulo wofiira kapena wobiriwira, ngati aja a pa Khirisimasi, amasiya utoto. Nyowetsani thonje ndi spiriti, muyese kaye kumpendero wamkati kuti muone ngati chovala sichisuluka. Mukatero dinani pang'onopang'ono kuchokera m'mbali mwa banga kulowera pakati. Jik asayandikire n'komwe, amadya ubweya.

6. Pakatsala kabanga ka mafuta, sungunulani kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale m'madzi ozizira, mudinedine ndi kansalu koyera, mutsukuluze. Madzi otentha pamodzi ndi kufikisa ndiye amafinyimpitsa ubweya, juzi ya abambo n'kusanduka ya mwana wa sitandade 3, ndipo ikatero sibwereranso.

7. Musapotokole pofinya. Kulungani chovalacho m'thaulo, dinani kuti madzi atuluke, muchiyale chogona pamthunzi. Pachingwe chimatamuka mapewa.

8. Suti ya ukwati kapena jekete yolembedwa kuti isachapidwe ndi madzi, lekezani pa nambala 3. Itengereni kwa ochapa a dry cleaning, muwaonetse malowo ndi kuwauza mtundu wa kandulo.