Bokosi ndi matumba a chimanga: kodi chipukuta misozi n'chomwechi?

FUNSO



Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu. Bambo a kunyumba ankapalasa kabaza wa njinga yakapalasa. Chaka chatha anawombedwa ndi minibasi mumsewu wa M1, ndipo anamwalira akuthamangira nawo kuchipatala. Mwini minibasi anagula bokosi, anabweretsa matumba awiri a chimanga ndi ndalama ya chipepeso imene analandira alamu anga. Dalaivala anamulipitsa faindi kukhoti. Alamu akuti nkhani inathera pomwepo, kuikumbanso n'kusayamika. Posachedwapa kunabwera bambo wina wonena kuti amadziwana ndi a inshuwalansi. Akufuna ndidinde chala papepala la Chingerezi kuti ndalama zikatuluka tidzagawane pakati. Mwana woyamba ali Fomu 2 ndipo fizi ikundikanika. Ndithandizeni nzeru.

Mayi wamasiye, Ntcheu

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya bambo. Mwachita bwino kufunsa musanadinde chala, paja safunsa anadya phula. Nkhani yanu siinathe, koma nthawi siili mbali yanu.

Zimene anachita mwini minibasi pamaliro ndi umunthu, ndipo nkoyenera kuyamika. Koma bokosi ndi chimanga sizifafaniza ufulu wanu ndi wa ana. Faindi nayonso inapita kuboma ngati chilango cha dalaivala. Sinali ndalama yolerera ana. Mlandu wofuna chipukuta misozi ndi wina, ndipo amausuma ndi banja, osati apolisi. Alamu anu pongolandira chipepeso sanatseke njirayi. Komabe afunseni mwaulemu ngati anasainira pepala lililonse tsiku limenelo, kuti loya alione.

Lamulo la zapamsewu, Road Traffic Act, limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yotetezera anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwapha. Gawo 148 la lamuloli limakulolani kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Mwayi umenewu umatha pakapita zaka ziwiri chichitikireni ngozi. Dalaivala ndi mwini galimoto mungawasumire zisanathe zaka zitatu chimwalirireni bambo. Chaka chikupita kale, choncho musadikire kuti mukolole kaye kapena kuti achibale onse agwirizane.

Kodi khoti limayang'ana chiyani? Choyamba, kuti dalaivala anasasamala: ankathamanga mopyola muyeso, anapitirira galimoto ina pamalo olakwika, kapena sanapereke mpata kwa wanjinga. Chigamulo cha mlandu umene anapatsidwa faindi chidzathandiza loya wanu pamenepa. Ngakhale zitapezeka kuti malemu analakwitsanso penapake, ndalama zimangochepetsedwa molingana ndi mbali yawo, sizifera limodzi.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ndalama. Pali ya moyo umene wadulidwa msanga, pali yobwezera zimene munawononga pamaliro ngati muli ndi malisiti, ndipo yaikulu ndi ya chithandizo chimene inu ndi ana mwataya. Khoti limatenga zimene malemu ankapeza pamwezi, n'kuchulukitsa ndi zaka zimene akanapitiriza kudyetsa banja, kenako n'kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu poti limenelo akanadya okha. Musade nkhawa kuti wakabaza alibe pepala la malipiro. Umboni wotero ukasowa, makhoti athu amagwiritsa ntchito malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa. Anzawo a pasiteji angathenso kuchitira umboni za ndalama zimene ankapeza patsiku.

Dziwaninso kuti inshuwalansi ili ndi malire. M'milandu yambiri imene yadutsa m'makhoti athu malirewo akhala K5 miliyoni. Khoti likagamula zoposa apo, zotsalazo amalipira ndi mwini galimoto ndi dalaivala wake. N'chifukwa chake loya wosamala amasumira onse atatu pamodzi. Zikapezeka kuti minibasiyo inalibe inshuwalansi, mlandu sufa, umakhala pamutu pa awiriwa.

Nazi zoyenera kusonkhanitsa:

1. Lipoti la apolisi a trafiki, limene limasonyeza nambala ya galimoto, mwini wake ndi kampani ya inshuwalansi.
2. Lipoti la imfa lochokera kuchipatala, komanso setifiketi ya imfa ya ku National Registration Bureau, imene mungayambe kuilondola kwa DC.
3. Umboni wa ukwati wanu, kaya wa kutchalitchi, kumzikiti, kapena kalata ya amfumu ndi ankhoswe.
4. Mapepala osonyeza zaka za ana ndi sukulu zawo.
5. Mayina a anthu amene anaona ngoziyo.

Lililonse mwa mapepalawa mujambulitse, ndipo lenilenilo musamupatse munthu wongokumana naye.

Za bambo wa pepala uja, ndikuchenjezeni mosabisa: ameneyo ndi dobadoba. Anthu otere amazungulira m'zipatala, kupolisi ndi m'maliro kusaka mabanja osweka mtima. Pepalalo lingakhale lowapatsa mphamvu yolandira ndalama m'dzina lanu, kapena lovomereza kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu. Mukadinda, kubweza kumavuta kwambiri. Pitani nokha ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Mukasankha loya woyima payekha, funsani a Malawi Law Society ngati ali ndi chiphaso chogwirira ntchito, ndipo mugwirizane za malipiro ake polemba ntchito isanayambe. Ndalama zikatuluka, muli ndi ufulu woona kalata yosonyeza zonse zimene kampani yalipira. Kampani ikamangokuzengerezani, madandaulo amapita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi.

Alamu anu musalimbane nawo. Khalani nawo pansi pamodzi ndi ankhoswe, muwafotokozere kuti simukulimbana ndi munthu amene anakuthandizani pamaliro. Mwini minibasi amalipira inshuwalansi chaka ndi chaka kuti tsoka lotere likagwa ithandize. Koma amve bwino kuti ndalama ya chithandizo ndi ya amene ankadalira malemu: inu, ana, ndi makolo a malemuwo ngati ankawasamala. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likunena kuti kulanda chuma cha mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu.

Ndalama sizingabweze bambo, koma zingathe kusunga mwana wanu pasukulu. Sabata ino yambani ndi lipoti la apolisi, ndipo mwezi uno usathe musanaonane ndi loya.