Madzi Amphamvu Kwambiri Amawononga Mapaipi

Ambiri amakondwera madzi akamatuluka mwamphamvu pampope, komatu mphamvuyo ikapyola muyezo imang'amba mapaipi, imadya malabala a m'mipope ndipo imakweza bilu.

Vutoli limakula m'nyumba za kunsi kwa mapiri. Matanki a madzi amamangidwa pamalo okwera, ndipo madzi akatsika mamita 10, mphamvu yake imawonjezeka ndi pafupifupi bar imodzi. Nyumba imafuna ma bar 3 kapena 4 okha. Usiku, anthu akaleka kutunga, mphamvuyo imakwera. N'chifukwa chake mapaipi ambiri amaphulika eni ake ali m'tulo.

Zizindikiro zake ndi izi: mapaipi kugunda mpope ukatsekedwa, mipope kudontha ngakhale malabala ali atsopano, ndiponso thanki ya chimbudzi kusefukira.

Mwini nyumba aitane pulambala kuti ayeze mphamvuyo. Ikapitirira ma bar 5, aikitse valavu yochepetsa mphamvu pa paipi yochoka pa mita kulowa m'nyumba. Kutseka pang'ono mpope waukulu sikuthandiza, pakuti kumangochepetsa liwiro la madzi, koma mipope yonse ikatsekedwa mphamvu imabwerera mwakale. Ana nawo aphunzitsidwe kutseka mipope pang'onopang'ono.

Madzi otayika atadutsa kale pa mita, amalipira ndi mwini nyumba.