Kwa Azakhali: Abambo akunyumba asokoneza kiyibodi, makutu atseka

Azakhali,

Ndathedwa nzeru. Laputopu pakhomo pathu ndi imodzi, ndipo ndimalembapo malipoti a banki m'khonde. Sabata yatha ndinalemba "moni" koma pa sikirini panatuluka "mrbc". Abambo akunyumba akuti asintha kiyibodi kukhala ya Dvorak, ati ndi mmene amalembera anthu ozindikira. Chinanso, anagula timahedifoni topanda chingwe, ndiye amangoyankhula ndi kuseka okha. Ndikawaitana kuti nsima yapsa, kuli zii. Kodi sanapeze wina?

Mayi wodandaula, Zomba

Mwana wa achimwene anga, khala pansi umwe madzi. Wokulanda mwamuna alipodi, koma ndi gogo wa ku America amene anatisiya kale mu 1975. Dzina lake August Dvorak, pulofesa wa ku Seattle. Iye ndi mlamu wake William Dealey ankadandaula kuti QWERTY, ija ya Christopher Sholes imene inabwera ndi mataipilaita a Remington mu 1874, imayendetsa zala mtunda wautali pachabe. Mu 1936 analembetsa yawo: A, O, E, U, I pamzere wapakati kudzanja lamanzere, D, H, T, N, S kumanja. Mabatani a laputopu yako ndi omwe aja, changosintha ndi chilembo chimene kompyuta ikutulutsa ukadina. Pa zilembo zonse, A ndi M okha ndi amene sanasamuke, n'chifukwa chake moni wako anayamba bwino n'kuthera kuphompho.

Mkamwini wangayo sikuti wapusa kwenikweni. Maphatikizo ambiri a Chichewa amathera ku a, e, i, o kapena u, choncho pa Dvorak manja amalandirana bwino, ili likadina linzake likukonzeka. Koma umuuze kuti agogo akewo ankawerengera Chingerezi. K, M, W ndi Z, zimene ife sitingamalize chiganizo osazikhudza, anaziponya kumzere wapansi. Umupatse alembe "kuwauza zakumwamba" uone ngati zala zake zipumedi. Komanso masabata oyambirira azilemba ngati nkhuku ikutola chimanga, ndipo Ctrl+C ndi Ctrl+V aziwasaka mbali ina, poti C ndi V zapita kudzanja lamanja. Akanandifunsa ndikanamulozera Colemak ya Shai Coleman, ya mu 2006, imene imasuntha mabatani 17 okha n'kusiya Z, X, C ndi V pamalo pake. Koma amuna amafunsa?

Mankhwala ake ndi aulere. Ngati ndi Windows ndipo QWERTY sanaichotse, dina batani la Windows pamodzi ndi lalitali lija la mpata, ibwerera. Ngati anaichotsa, aibwezeretse lero lomwe, nsima asanadye.

Tsopano timahedifonito. Kuseka wekha si umboni, mwana iwe. Mwina akumvera mpira wa Bullets ndi Wanderers. Bluetooth imafika pafupifupi mamita 10, ndipo khoma limaifooketsa, ndiye ukamuona akuseka pansi pa mtengo wa mango, foni ili m'thumba mwake momwemo. Usakaigwire usiku, ine milandu ya mafoni ndinatopa nayo.

Chondidetsa nkhawa ine ndi makutu ake. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo phokoso likakwera pang'ono, maolawo amatsika kwambiri. Ngati iwe uli pambali pake ukumva nyimbo ikutuluka m'khutu mwake, wakweza mopitirira. Makutu akafa ndi phokoso sadzukanso, ndipo amene udzavutike kukuwa ndiwe.

Asamanyadirenso kwambiri. Akalumikiza timahedifonito ku laputopu n'kuyatsa maikolofoni pa Zoom, nthawi zambiri mawu amasanduka a pa lamya yakale, chifukwa Bluetooth imasiya njira ya nyimbo n'kulowa njira ya mafoni. Timabatire take ndi tating'ono ndipo tambiri sitisinthika, tikatopa ndi kutaya basi. Timahedifoni ta chingwe asatiponye kudzala, adzatifuna tsiku limene magetsi adzazime asanatchaje.

Chigamulo changa ndi ichi: laputopu iziyaka ndi QWERTY, Dvorak azimuitana yekha akakhalapo. Nthawi ya chakudya makutu onse awiri akhale opanda kanthu. Akakana, mubweretse kuno Loweruka, ndipo timahedifonito atisiye kunyumba.

Ndine Azakhali ako