PHAZI LIKAMAPWETEKA: LANGIZO KWA ANTHU A KU LIKHUBULA

Ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, anthu ambiri amadya ndi mapazi ao. Anyamata onyamula katundu wa alendo amanyamuka pa ofesi ya Zankhalango nakwera ku Chambe kapena ku Lichenya, ulendo wa maola atatu kapena anai ndi kupitirira. Amai amatsika ndi mitolo ya nkhuni pa miyala yoterera ndi ndere. Pa mpikisano wa Porters Race, umene umayambira ndi kuthera pomwepo, ena amathamanga m'phirimo opanda ndi nsapato zomwe. Tsono munthu wa kumeneko akapunduka phazi, ndiye kuti nyumba yonse yagona ndi njala.

Phazi limodzi liri ndi mafupa 26, omangidwa pamodzi ndi mitsempha yambiri. Ndiye chifukwa chake kupweteka kwa phazi sikuli kwa mtundu umodzi ai. Kwina kumatha ndi kupumula, koma kwina kumadula mwendo munthu akachedwa.

Kupweteka kosaopsa ndi kwa chidendene, kumene munthu amakumva poponda pansi koyamba m'mamawa, nikumachepa akayenda pang'ono. Kumachokera ku mtsempha waukulu wa kunsi kwa phazi umene watopa ndi mitunda ndi akatundu. Wotereyu achepetse kukwera phiri kwa masabata angapo, avale nsapato zofewa m'kati, ndipo asanadzuke pa mphasa azikoka zala za phazilo chokwezera kumwamba. Kuchira kwake nkochedwa, mwina miyezi ndithu. Ming'alu ya m'chidendene ya m'chilimwe imafuna kusambitsa ndi kudzola mafuta usiku. Linyetsu la nthawi ya dzinja limafuna kupukuta bwino pakati pa zala, ndi kusavala gambuti zonyowa tsiku lonse. Thekenya lichotsedwe ndi singano yowiritsa, osati ndi munga kapena pini imene agwiritsa kale ana atatu.

Kubinya ndiko kumanyenga anthu ambiri. Munthu waterereka pa thanthwe ku Dziwe la Nkhalamba, kakolo watupa, anzake nati, "Wangobinya, tithowe." Pali njira yapafupi yodziwira. Ngati munthuyo sangathe kuponda ndi kuyenda mapazi anai okha, kapena ngati akumva ululu woopsa pamene akanikizidwa pa fupa lenileni, pangakhale fupa lothyoka, ndipo ayenera kukajambulidwa ku chipatala. Tsiku loyamba ndi lachiwiri phazi lotupa lisathowedwe ndi madzi otentha, pakuti kutentha kumaonjeza kutupa. Liviikidwe m'madzi ozizira, ndipo mtsinje wa Likhubula suli wosowa madzi otero. Kenaka limangidwe ndi nsalu mosathina, ndi kulisanjika pamwamba munthu atagona. Kukoka phazi ndi kutemera mphini pa malo otupa kwasandutsa anyamata amphamvu kukhala otsimphina moyo wao wonse, chifukwa fupa likalumikizana lokhota siliwongoka lokha.

Wolasidwa ndi msomali, munga kapena chitsa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyera, napite tsiku lomwelo kukafunsa za jekeseni wa kafumbata. Bala la kafumbata limaoneka laling'ono, koma nthendayo imaumitsa nsagwada ndipo imapha. Phazi likatupa nilitentha, likatuluka mafinya, kapena mwanabere akatuluka m'mphechepeche munthu nayamba kumva malungo, palibenso kudikira mawa.

Koma phazi loopsa koposa onse ndilo losamva kupweteka. Matenda a shuga, amene tsopano ali m'midzi monga m'tauni, amaononga pang'onopang'ono mitsempha yomvera. Munthu amayamba kumva dzanzi, kapena kutentha ngati waponda makala, makamaka usiku. Pambuyo pake samva kanthu. Kamwala kalowa m'nsapato, iye ayenda nako kuchokera ku Likhubula kufika ku Chitakale osadziwa, ndipo pofika madzulo pali chilonda. Shuga amachepetsanso magazi ofika ku zala, kotero chilondacho sichipola msanga. Chimadya mnofu mpaka fupa, chala nichida bii. Ambiri odulidwa miyendo m'zipatala anayamba ndi kachilonda konga tambala, kamene anakanyozera poti sikanali kuwawa.

Chifukwa chake wodwala shuga aziyang'ana mapazi ake madzulo ali onse, kunsi ndi pakati pa zala. Ngati maso ake saona bwino, mdzukulu amuyang'anire. Asayende wopanda nsapato ngakhale pabwalo pa nyumba, azikutumula nsapato asanavale, asaothe moto mapazi ali pafupi ndi mafuwa, ndipo asasepe zikundu ndi lezala. Chilonda chiri chonse pa phazi la munthu wa shuga nchofunika kuonedwa ndi dotolo mwamsanga.

Dzanzi lingabwerenso ndi zina. Mowa wambiri umalibweretsa. Mankhwala ena a chifuwa chachikulu amalibweretsa, ndipo a chipatala ali ndi mapiritsi a vitamini B6 olichepetsa. Wodwala asaleke yekha mankhwala ake, koma akanene. Khate nalo lisaiwalike. Linachepa kwambiri m'dziko muno pofika mu 1994, koma silinathe konse, ndipo banga loyezuka pa khungu limene silimva kukhudza liyenera kupimidwa. Mankhwala ake alipo ndipo amachiza.

Mapazi onse awiri akatupa popanda kuvulala, nthenda siri m'phazi ai. Mwa wamkulu ungakhale mtima kapena impso, mwa mwana kungakhale kusowa zakudya m'thupi. Mai woyembekezera amene watupa mapazi, manja ndi nkhope, mutu nuwawa, anyamulidwe nthawi yomweyo.

Nanga katswiri wa mapazi apezeka kuti? Ku Ulaya ndi ku Amereka kuli madotolo osamala mapazi okhaokha. Kuno ntchito imeneyi iri makamaka m'manja mwa a za mafupa. Kuyambira mu 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa madotolo othandiza a mafupa, ndipo iwo ndiwo amaika chikhakha ndi kuwongola mafupa m'zipatala za m'maboma. Wa ku Likhubula ayambire pa chipatala chaching'ono cha pafupi, atatenga kabuku kake ka kuchipatala. Kumeneko adzamtumiza ku chipatala cha Boma cha Mulanje. Palinso chipatala cha Mulanje Mission. Zikakanika, amalemba kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kudumpha makwererowa kumangotha ndalama za basi.

Kwatsala nkhani ya makanda. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000 amabadwa ndi phazi lopindikira m'kati. Si ufiti, ndipo mai wake sanalakwire mdulo uli wonse. Mafupa a khanda ngofewa, kotero phazilo limawongoka ndi njira ya dotolo Ignacio Ponseti wa ku Iowa: amaliwongola pang'ono naika chikhakha, nasintha sabata ndi sabata kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo kawirikawiri amadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene. Pambuyo pake mwana amavala nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo, usana ndi usiku kwa miyezi 3, kenaka pogona pokha mpaka zaka 4 kapena 5. Apa mpamene makolo ambiri amatopa, mwana akamalira usiku, nabvula nsapatozo, phazi limapindikanso. Ana amene anachedwa kufikira akuyendera m'mbali mwa phazi amafuna opareshoni, ndipo chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimagwira ntchito imeneyo. Koma khanda lotengedwa m'masabata oyamba kawirikawiri silifika kumeneko.