Wovulala bondo ayambe wayesa kilatchi asanalipire sukulu ya mathiraki

Kabaza, kusenza matumba mumsika, kukankha wilibala ndi kuyenda ndi malonda pamutu, zonsezi ndi ntchito za bondo. Likavulala pangozi, geni imaima tsiku lomwelo. Ambiri akatuluka m'chipatala amayamba kulingalira zoyendetsa thiraki, poganiza kuti dalaivala amangokhala pampando. Ganizolo si loipa, koma lili ndi msampha umene ungadye mpamba wonse.

Funso loyamba ndi lakuti bondo lovulalalo ndi liti. M'galimoto ya magiya osintha pamanja, mwendo wamanzere ndi wa kilatchi, wamanja ndi wa buleki ndi moto. Kilatchi ya lole yakale ndi yolimba kuposa ya galimoto yaing'ono, ndipo pamzere wa galimoto mu Limbe kapena pa mlatho wa Lilongwe munthu amaiponda mosalekeza. Bondo lamanzere likakhala lofooka, ululu umabwera pang'onopang'ono, madzulo n'kupezeka latupa. Lamanja ndiye nkhani ya moyo: phazi liyenera kuchoka pamoto kufika pabuleki m'kuphethira kwa diso, thiraki itasenza katundu, mwina ikutsetsereka pa Chiweta.

N'chifukwa chake ndalama yoyamba siyenera kupita ku sukulu yoyendetsa galimoto. Iyambe yapita pa ulendo wokaonana ndi dokotala wa mafupa kapena wa mafizo. Thandizoli limapezeka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe komanso ku Mzuzu Central. Kumeneko munthu afunse mosapita m'mbali ngati bondolo lingapirire kuponda chinthu cholimba tsiku lonse, kukwera pamalo aatali ndi kukhala lopinda maola ambiri. Afunsenso za mankhwala. Ena opha ululu, monga tramadol, amabweretsa tulo, ndipo sayenderana ndi chiwongolero.

Kuyesa kwachiwiri n'kwaulere. Wamalonda aliyense amadziwana ndi dalaivala wa lole imene imatsitsa katundu pamsika. Ampemphe kukwera m'lole itaima, injini yozima, aponde kilatchi mpaka pansi kambirimbiri, atsike, akwerenso. Yankho lenileni limabwera m'mawa mwake. Bondo likadzuka lotupa, ndiye kuti nthawi sinakwane, ndipo ngongole ya ku banki mkhonde ibayembekeza.

Mathiraki atsopano ambiri a Volvo, Scania ndi Mercedes-Benz amasintha okha magiya ndipo alibe kilatchi yoponda. Kwa wovulala bondo lamanzere imeneyi ndi nkhani yabwino, kungoti mathiraki oterewa mabwana amawapereka kwa madalaivala amene ayenda zaka zambiri. Woyamba kumene amagwira lole yakale ya mbatata kapena chimanga, ndipo imeneyo kilatchi ilipo.

Pa zamapepala, ziphaso zimaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu, imene ambiri amangoti ku Road Traffic. Laisensi ya B ndi ya galimoto zing'onozing'ono zosapitirira makilogalamu 3,500. C1 ndi ya malole apakati, C ndi ya malole akuluakulu, pomwe EC ndi ya thiraki yokoka ngolo yaikulu. Woyendetsa galimoto ya malonda amafunikanso chilolezo cha PrDP, ndipo pochitenga pamafunika kalata ya dokotala. Kalata yogula pakona ndi kudzinamiza: pepala likhoza kudutsa pa kauntala, koma bondo silidziwa zimenezo. Mitengo ya ziphasozi imasinthasintha, choncho ndi bwino kukaifunsa ku ofesi komweko m'malo momvera madobadoba a panja.

Chimene ambiri sachiwerengera ndi ntchito ya pansi. Dalaivala amakwera pamwamba pa katundu kukayala tenti, amakoka zingwe, amagwada kuona matayala, ndipo tayala likaphulika kutchire amalimbana ndi jeki ndi sipanala. Wothandizira akhalapo pa malole ena, pa ena ayi. Pokambirana ntchito, funso la amene amamanga ndi kutsitsa katundu n'lofunika ngati funso la malipiro. Pokwera ndi potsika, lamulo ndi loti manja awiri ndi phazi limodzi, kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi, zikhale zitagwira nthawi zonse, nkhope itayang'ana kuthiraki. Kudumpha kuchoka pakhomo, monga amachitira anyamata pofuna kuoneka changamu, kukhoza kubweza munthu kuchipatala tsiku limodzi.

Maulendo a kunja ndiwo amakopa anthu chifukwa cha alawansi: Beira kudzera ku Mwanza kapena ku Dedza, Dar es Salaam kudzera ku Songwe, Lusaka kudzera ku Mchinji. Koma ulendo wotere ndi wa masiku, ndipo pachipata thiraki imatha kugona pamzere. Bondo lovulala limauma likakhala lopinda nthawi yaitali, ndipo amene anachitidwa opaleshoni posachedwa ali pa chiopsezo choti magazi n'kuundana m'mitsempha ya mwendo. Katumba akatupa, n'kumatentha ndi kupweteka, kumeneko n'kothamangira kuchipatala, osati kothowa ndi madzi otentha.

Poyambira pabwino ndi maulendo afupiafupi: tomato ndi kabichi za ku Lizulu, mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, kapena mabelo a fodya opita ku okushoni ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Munthu amatha kuima, kuongola mwendo, ndi kugona kunyumba kawirikawiri. Apanso ndi pamene wochokera mumsika amaposera anzake. Amadziwa amene akufuna galimoto Lachisanu, amene amalipira pompopompo ndi amene amazengereza, komanso kumene kungapezeke katundu wobwerera naye kuti lole isayende yopanda kanthu. Mwini lole amene akulira ndi mtengo wa dizilo amamvetsera munthu wotere, ngakhale laisensi yake ikhale ya chaka chomwechi.